KU HALALE: MBIRI YA LOKESHONI YA MBARE

 Nkhani ya lero iri ya malo ang'ono ndithu, oti munthu wa miyendo yabwino angathe kuwazungulira m'mawa umodzi. Koma dzina lao linafika m'midzi yathu yonse, kuyambira ku Nsanje kufikira ku Chipata. Makolo athu, ponena za mwana wao amene anaoloka Zambezi kukafuna nchito, sanali kunena kuti wapita ku Southern Rhodesia kapena ku Salisbury, iai. Anali kungoti wapita ku Halale. Angakhale munthuyo analikulima fodya pa munda wa Mzungu kutali ndi tauni, kapena analikukumba pa mgodi wa ku Shamva, kwa a kumudzi iye anali ku Halale basi. Tsono Halale weniweniyo sanali mzinda wa Azungu uja wa nyumba zosanja ndi miseu ya mithunzi. Anali lokeshoni ya anthu akuda, kumwera kwa njanji, imene pa mapepala a Boma inalembedwa Harari. M'chaka cha 1982 mzinda wonse unatenga dzinali nukhala Harare, ndipo lokeshoni ija inapatsidwa dzina lina, Mbare.

Maina awiriwa ali a mafumu a Mashona, Neharawa ndi Mbare, amene anakhala pafupi ndi kaphiri kamene Azungu anakatcha Kopje. Eni dziko amasimba kuti Neharawa anali mfumu yatcheru, yosadzidzimutsidwa ndi adani, ndipo anthu ankati haarari, ndiko kunena kuti sagona. Dzinali linayenera malowo, pakuti ali yense amene anagonapo pafupi ndi msika wa pa Mbare adziwa kuti phokoso la ngolo ndi mabasi liyamba tambala asanalire.

Azungu a British South Africa Company anafika pa kaphiriko mwezi wa September 1890, naimika mbendera yao, natcha malowo Fort Salisbury. Posachedwa anafuna anthu oumba njerwa, otunga madzi, ophika ndi ochapa. Koma Mashona a pafupi anali ndi minda ndi ng'ombe zao, ndipo anapeza ndalama ya msonkho pogulitsa chimanga ndi ndiwo kwa Azungu omwewo. Akalowa nchito, anali kugwira miyezi yowerengeka nabwerera kwao nthawi ya dzinja. Nkhondo ya 1896 ndi 1897, m'mene Mashona anaukira Kampani nagonjetsedwa ndi mfuti, siinaonjeze chikondi chao pa tauniyo. Chifukwa chache mzinda watsopanowo unayang'ana kumpoto, tsidya lija la Zambezi.

Poyamba anchito anali kugona pali ponse, m'makhichini, kuseri kwa masitolo, ndi m'timisasa ta udzu m'mbali mwa tauni. Azungu anadandaula, ndipo m'chaka cha 1907 Khonsolo ya mzinda inapatula malo a lokeshoni, nikhazikitsa lamulo lakuti munthu wakuda asagone m'tauni, koma yekhayo amene bwana wache wampatsa pogona pa bwalo lache. Malo amene anasankhidwa atiuza zambiri za maganizo a osankhawo: anali pafupi ndi manda, pafupi ndi pophera ng'ombe, ndi pafupi ndi potayira zonyansa za mzinda, m'mbali mwa mtsinje wa Mukuvisi. Nyumba zoyamba zinali zozungulira, za malata okhaokha, khoma ndi denga lomwe, ndipo anthu anazitcha Matank, poti zinafanana ndi mathanki a madzi. Mwezi wa October munthu anali kupsa m'menemo monga mbatata ya m'phulusa, ndipo mwezi wa June chisanu chinalowa m'mafupa. Pambuyo pache kunadza nyumba za njerwa, zimene zigawo zache zidziwika ndi maina a Old Bricks, Joburg Lines ndi National.

Tsopano tinene za anthu amene anadzaza nyumbazi. Kwa zaka zambiri, kufikira m'zaka za m'ma 1950, anchito ambiri a m'Salisbury sanali eni dziko. Anali a ku Nyasaland, Achewa, Angoni, Ayao, Atonga ndi Amang'anja; anali a ku Northern Rhodesia, makamaka Ansenga, Achewa ndi Angoni a ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata; ndiponso anali a m'dziko la Apwitikizi, Asena ndi Achikunda a ku Tete, othawa chibalo. Chimene chinachotsa a ku Nyasaland m'midzi mwao mulichidziwa: msonkho wa nyumba unafunika chaka ndi chaka, nchito ya malipiro inali yosowa, ndipo ku mapiri a Shire kunali thangata. Mnyamata wofuna bulangete, njinga, kapena nsalu ya mkazi wache, analibe njira yina koma ya kumwera.

Ulendowo poyamba unali wa pansi. A ku Dedza ndi Ntcheu anali kutsikira ku Tete, naoloka Zambezi pa bwato, nakwera mtunda wouma kufikira ku Mutoko. A ku Fort Jameson anali kudzera ku Feira kapena m'nkhalango za Apwitikizi, natulukira cha ku Mount Darwin. Anayenda m'magulu chifukwa cha mikango ndi achifwamba, atasenza ufa, mphika ndi mkeka, ndipo ulendo wa mwezi wathunthu sunali wachilendo. Ambiri, ufa ukatha pa njira, analowa nchito pa munda woyamba umene anaupeza, nagwira pamenepo miyezi ingapo, nasunthira pang'ono kumwera, kufikira tsiku lina anaona utsi wa Salisbury. Mlatho wa njanji wa pa Zambezi, pakati pa Dona Ana ndi Sena, utatsegulidwa m'chaka cha 1935, amene anali ndi ndalama anatha kukwera sitima ku Blantyre, kudzera ku Dondo ndi Umtali. Kwa osauka Boma la Southern Rhodesia linaika magalimoto onyamula anthu kwaulere pamodzi ndi nyumba zogonamo pa njira, ndipo anthu anangotcha makonzedwe onsewo Ulere. Lina linali bungwe lolemba anthu nchito m'midzi momwe, limene linayamba m'chaka cha 1946, ndipo dzina lache linali Mthandizi. Koma amene anagwira nchito za m'mafamu pa kalata yache sanali onse ovomereza kuti dzinalo linali loona.

Boma la Nyasaland linachita mantha poona midzi yotsala ndi akazi, ana ndi nkhalamba zokha. Komiti imene inafufuza nkhaniyi m'chaka cha 1935, pansi pa Bwana Travers Lacey, inayesa kuti amuna okwana 120,000 anali kunja kwa dziko, ndiko kuti oposa mmodzi mwa amuna anai ali onse. M'chaka cha 1936 maboma atatu anapangana pa Salisbury za kayendedwe ka anchito, ndipo pangano lina la 1947 linalamula kuti gawo la malipiro lizitumizidwa kwa banja kumudzi, gawo lina lizisungidwa kufikira munthu atabwerera, ndi kuti abwerere zitapita zaka ziwiri. Malamulowa anathandiza mabanja ena, koma sanathe kubweza onse. Pa chiwerengero cha 1956, a ku Nyasaland ogwira nchito m'Southern Rhodesia anaposa 100,000, ndipo pafupifupi theka la anthu akuda onse a pa nchito m'dzikomo linali la obadwira kunja. Iwo amene anakhalitsa osabwerera, naleka ndi kulemba kalata komwe, ndiwo aja timawatcha machona. Mashona anawapatsa maina ao: Manyasarandi, ndi Mabhurandaya, ndiko kuti anthu a ku Blantyre, angakhale munthuyo anali wa ku Kasungu wosapondapo pa Blantyre chibadwire.

Nchito zimene anapeza zinali za mitundu mitundu. Ophunzira a ku Livingstonia, ku Nkhoma ndi ku Blantyre Mission anakhala makalaliki, omasulira, akapitao ndi othandiza m'zipatala, pakuti masukulu a mishoni a ku Nyasaland anayamba kale koposa a m'dziko la Mashona. Ayao anatchuka pa kuphika ndi kusoka. Ena ambiri anagwira nchito imene eni dziko anaikana: kusesa miseu, kukumba ngalande, ndi kunyamula ndowa za m'zimbudzi usiku. Nchito imeneyi anthu amachita nayo manyazi poitchula, koma popanda iyo mzinda sukadakhala sabata limodzi.

Mafakitale anadza mochedwa. Njanji yochokera ku Beira inafika pa Salisbury m'chaka cha 1899, ya ku Bulawayo m'chaka cha 1902, koma kwa zaka makumi atatu mzindawo unali wa maofesi ndi masitolo chabe, katundu wache wochokera ku Britain ndi ku South Africa. Chimene chinautukula poyamba ndi fodya. Misika ya okushoni inatsegulidwa m'chaka cha 1936, ndipo chaka chiri chonse, fodya akalowa, kunafunika manja ambiri osankha masamba, odinda mabelo ndi okweza m'ngolo za sitima. Kenaka kunabuka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Zombo zinaleka kubweretsa katundu, ndipo zinthu zimene kale zinagulidwa kunja zinayamba kupangidwa pomwepo: sopo, mafuta ophikira, zobvala, mipando, ndudu, zitsulo za nyumba. Nkhondo itatha, Azungu ambiri anasamukira kuno kuchokera ku Britain, ndipo m'chaka cha 1947 ogula a ku London anapangana kutenga gawo lalikulu la fodya wa dzikolo. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba m'chaka cha 1953, Salisbury anakhala likulu la maiko atatu, ndipo chuma chambiri, pamodzi ndi ndalama za mkuwa wa ku Northern Rhodesia, chinathira pamenepo. A kumpoto anadandaula kuti ng'ombe idya kwao koma ikamidwa kumwera, ndipo sanalakwe kwenikweni. Magetsi a ku Kariba anafika m'chaka cha 1960, ndipo m'chaka cha 1961 kampani ya Ford inatsegula fakitale yolumikiza magalimoto ku Willowvale.

Mukayang'ana mapu a mzindawo mudzaona m'mene lokeshoni inazingidwira. Kumpoto kuli njanji, yolekanitsa tauni ya Azungu ndi ya anthu akuda. Kum'mawa kuli mafakitale a Graniteside. Kumadzulo a Workington ndi Southerton. Kumwera a Ardbennie. Mphepo ya kumeneko kawirikawiri ichokera kum'mawa, kotero kuti utsi ndi pfumbi sizinabvute nyumba za Azungu za kumpoto ndi kumpoto cha kum'mawa. Ubwino umodzi unalipo, ndipo tiubvomereze: munthu wa ku Harari anatha kupita ku nchito pansi kapena pa njinga, osalipira basi. Ndicho chifukwa chache anthu anakangamira malowa angakhale anapanikizana, ndipo akangamirabe.

Koma amene anakonza lokeshoniyi sanaikonze kuti ikhale mudzi. M'maganizo mwao munthu wakuda anali mlendo m'tauni, wodzagwira nchito ndi kubwerera kwao akakalamba kapena akadwala. Ndipo lamulo logawa dziko la 1930 linaika matauni onse m'gawo la Azungu. Anchito atachuluka nthawi ya nkhondo, Boma linapanga lamulo la 1946 lokakamiza olemba nchito kulipira nyumba za anchito ao, ndi lokakamiza Khonsolo kulemba munthu ali yense wokhala m'lokeshoni. Pamenepo panamangidwa nyumba zazikulu zosanja za amuna okhaokha, za Matapi, Nenyere, Matererini, Shawasha ndi zina, chipinda chimodzi amuna angapo, zimbudzi ndi mosambira za onse pamodzi. Ife kwathu tidziwa mphala, kapena gowelo, m'mene anyamata amagona asanakwatire, ndipo palibe amene amaiyesa yoipa, pakuti mnyamata amatulukamo tsiku lache likafika. Izi zinali mphala za amuna a ndebvu, ena a imvi, okhala ndi akazi ndi ana kutali, ndipo tsiku lotulukamo panalibe.

Nyumba ya banja inapatsidwa kwa munthu yekhayo amene anaonetsa kalata ya ukwati yolembedwa ku Boma. Apa machona anapeza bvuto lalikulu. Wokwatira mkazi wa Chishona anafunika kupereka malowolo, chinthu chimene Mchewa wa chikamwini sanachizolowere, ndipo makolo ambiri anakana kupereka mwana wao kwa munthu amene mudzi wache sanaudziwe. Chotero ambiri anangokhalira pamodzi popanda kalata, ukwati umene Mashona amautcha wa mapoto, ndiko kuti wa miphika. Apolisi a lokeshoni anali kugogoda pa zitseko pakati pa usiku kufuna zitupa, nagwira akazi ndi alendo osalembedwa, ndipo m'mawa mwache anthu anali kulipira faindi kapena kuthamangitsidwa. Ndalama zoyendetsera lokeshoni zinachokera kwakukulu ku mowa, pakuti Khonsolo inaletsa akazi kufulula, nidzisungira yokha malonda a masese m'nyumba zache za mowa. Kunena mosabisa, wanchito anadzilipirira yekha miseu ndi nyali za kwao ndi chipanda chimene anamwa Loweruka.

Chodabwitsa ndi ichi, kuti pa malo okonzedwa motere anthu anamangapo mudzi ndithu. Pakati pa amene anayamba nchitoyo tiyenera kutchula Mai Musodzi, Elizabeth Ayema, amene makolo ao anafa pa nkhondo ya 1896 ndi 1897, naleredwa pa mishoni ya Chishawasha, nakwatiwa ndi wapolisi wochokera ku Barotseland. M'chaka cha 1938 iwo anayambitsa bungwe la amai la Harare African Women's Club, limene linaphunzitsa kusoka ndi kusamala odwala, linathandiza akazi ogwidwa ndi apolisi, ndi kuumiriza Khonsolo kuti imange chipatala cha amai oyembekezera. Anamwalira m'chaka cha 1952, ndipo holo ya masewera ya m'lokeshoni inatchedwa dzina lao.

A kumpoto anabwera ndi zao. M'chaka cha 1912 mishoni ya Dutch Reformed ya ku Nyasaland inatumiza Mbusa T. C. B. Vlok ku Salisbury kukaweta Akristu ache omwazika, ndipo mpingo umenewo, wopemphera m'Chinyanja, ndiwo unakula nukhala Sinodi ya Harare ya C.C.A.P. Ayao anasonkhana m'mizikiti yao. Ena anabweretsa beni, ndipo Achewa anabweretsa gule wamkulu, amene Mashona amamutcha zvigure. Abusa anamtsutsa, akapitao a lokeshoni anamkayikira, ana a eni dziko anamthawa, koma ng'oma zinalirabe Lamulungu masana ndi pa maliro. Koposa zonse panali mabungwe a maliro. Munthu wa kutali ndi kwao saopa njala monga aopa kufa wopanda womuika. Chotero anthu a dera limodzi anali kusonkha makobiri mwezi ndi mwezi, kuti mnzao akagwa pakhale bokosi, nsaru ndi anthu olira, ndiponso kalata yopita kumudzi. Mabungwe omwewo ndiwo analandira mlendo wotsika pa Ulere, nampatsa pogona, namfunira nchito. Ndipo wailesi yotsika mtengo ija yonga sefuliya itafika m'chaka cha 1949, anthu anali kuunjikana m'chipinda chimodzi kumvera nyumba ya mphepo ya ku Lusaka, kudikira kuti kapena pa Zimene Mwatifunsa pamveka moni wochokera kwa mbale.

Kumene anthu apanikizana, mau sachedwa kutuluka. Anchito a njanji ananyanyala mwezi wa October 1945, kuyambira ku Bulawayo, ndipo sitalaka inafika ku Salisbury ndi ku Broken Hill komwe. Mwezi wa April 1948 kunali sitalaka ya anchito onse, m'mene ophika ndi olera ana omwe anasiya nchito, ndipo madona ena anayamba kudziwa kumene nkhuni zimakhala. M'zaka zimenezo mwini mau m'Harari anali Charles Mzingeli, mtsogoleri wa bungwe la Reformed I.C.U., amene analimbana ndi kugogoda kwa usiku kuja kotero kuti akazi ambiri analowa bungwe lache, ndipo anthu anamutcha meya wa Harari. Pambuyo pache kunadza anyamata a City Youth League m'chaka cha 1955, James Chikerema, George Nyandoro, Edson Sithole, ndi mnyamata wa ku Karonga, Dunduzu Chisiza, amene analikugwira ukalaliki m'Salisbury. Mwezi wa September 1956 iwo anauza anthu kuti aleke kukwera mabasi chifukwa cha kukwera kwa mtengo. Anthu anamvera, koma usiku wache kunabuka chipolowe, ndipo gulu la amuna linathyola nyumba yogona akazi a pa nchito ya Carter House ndi kugwirira ena a iwo. Olemba mbiri ena amapita msanga pa nkhaniyi, koma iyenera kunenedwa, pakuti ionetsa chimene chimabadwa pamene amuna zikwi atsekeredwa okha, ndiponso m'mene ena a iwo anaipidwa poona mkazi wodzilandirira yekha malipiro. Chisiza anapitikitsidwa m'dzikomo chaka chomwecho, nabwerera ku Nyasaland, kumene anakhala mmodzi wa atsogoleri a Congress. Pa 12 September 1957, mu holo ya Mai Musodzi, munabadwa African National Congress ya Southern Rhodesia, Joshua Nkomo ali pa mpando.

Nthawi yomweyo mtundu wa anthu a m'lokeshoni unalikusintha. Lamulo la 1951 la kasamalidwe ka minda linachepetsa ng'ombe ndi minda ya anthu m'midzi ya Mashona, ndipo anyamata osapatsidwa munda anathamangira ku tauni, osati kwa miyezi yowerengeka monga kale, koma kukakhala. Eni dziko atachuluka, alendo anayamba kuoneka ngati olanda nchito. Lamulo la 1958 linatseka matauni kwa anchito atsopano ochokera kunja kwa Chitaganya, ndipo linagwa poyamba pa a ku dziko la Apwitikizi. Chitaganya chitatha pa 31 December 1963, a ku Malawi ndi a ku Zambia anasanduka alendo nawonso, ndipo obwera kumene analozedwa ku mafamu ndi ku migodi. Ena anabwerera kwao, ena anasamukira ku malokeshoni atsopano monga Highfield, Mufakose ndi Mabvuku. Chishona chinakhala chinenero cha m'miseu ya Harari, ndipo ana a machona anakula akuchilankhula koposa cha atate ao. Timu ya mpira ya Dynamos inabadwira m'menemo m'chaka cha 1963, ndipo woimba Thomas Mapfumo anakuliramo.

Za zaka za Smith tinene mwachidule. Maiko atakana kuchita malonda ndi Rhodesia kuyambira 1965, mafakitale anachuluka kwa kanthawi, popeza dziko linayenera kudzipangira zimene silinathe kugula. Koma nkhondo ya ufulu itakula m'midzi cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, othawa anafika pa msika wa Musika, pamene mabasi a kumidzi amaima, nagona pomwepo m'timisasa ta mapepala a pulasitiki. Usiku wa pa 17 April 1980, kucha kwa pa 18, mbendera ya Britain inatsitsidwa m'bwalo la mpira la Rufaro, m'lokeshoni momwemo, ndipo Zimbabwe anabadwa pa mtunda wosakwana mailo imodzi kuchokera ku Matapi.

Ufulu unachotsa chitupa ndi kugogoda kwa usiku, ndipo akazi ndi ana analowa m'mphala zija. Koma nyumba sizinaonjezeke molingana ndi anthu. Chipinda chimene chinamangidwira amuna owerengeka chinagawidwa ndi nsaru ndi makatoni kukhala cha mabanja awiri kapena atatu, mipope inaphulika, zimbudzi zinatsekeka, ndipo kolera wa 2008 ndi 2009, amene anapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse, sanalambalale Mbare. Mafakitale nawo anayamba kufooka kuyambira 1991, pamene Boma linatsegula malire kwa katundu wa kunja, ndipo ambiri anatsekedwa m'zaka zimene ndalama ya dzikolo inasanduka mapepala chabe. Amisiri ochotsedwa nchito sanaiwale luso lao. Anapita nalo ku Siyaso, pa Magaba, kumene munthu angapeze mafelemu a zitseko, ngolo, mbaula, mabokosi a maliro ndi chitsulo chiri chonse cha galimoto, zosulidwa pa bwalo ndi anthu amene anaphunzira nchito ku Workington. Msika wa Mupedzanhamo unadzala ndi kaunjika, ndipo Musika unakhalabe pofikira tomato, kabichi ndi mbatata za alimi a dziko lonse. Moto waukulu unapsereza gawo la msikawo mwezi wa October 2024, nuononga katundu wa amalonda ambirimbiri.

Tibwerere kwa machona ndi ana ao, pakuti pa iwo mpamene funso lakale lija, lakuti mwini tauni ndani, linabweranso ndi ukali. Anthu a m'matauni atabvotera otsutsa Boma m'chaka cha 2000, Pulezidenti Robert Mugabe ananyoza a ku Mbare kuti ndi anthu opanda mitupo, ndiko kuti opanda mfunda kapena chiwongo. Ndipo onse anadziwa amene analikunenedwa, ngakhale a Phiri, a Banda ndi a Mwale ali nayo mifunda yao monga wina ali yense. Lamulo la 2001 linalamula kuti munthu amene kholo lache linabadwira kunja akane unzika wa dziko la khololo, angakhale sanaupemphe ndi kale lonse, ndipo ambiri amene sanamve kapena sanathe anataya unzika wa Zimbabwe, zitupa zao zikuwatchula alendo. Kenaka mwezi wa May 2005 kunadza Murambatsvina, m'mene apolisi anagwetsa tinyumba ta kuseri ndi misika yosalembedwa. Nthumwi ya United Nations, Mai Anna Tibaijuka, inawerenga kuti anthu okwana 700,000 m'dziko lonse anataya nyumba kapena nchito, ndipo Mbare anali pakati pa malo oyamba kugwetsedwa. Anthu anauzidwa kuti abwerere kumudzi.

Tsono taganizani za munthu amene atate wache anali Mchewa wa ku Dowa ndi amai ache Mzezuru. Kwa Achewa mwana ndi wa kwa amai ache, ndipo ku Dowa akadafika akadamuuza kuti mbumba yache iri ku Halale. Kwa Mashona mwana ndi wa kwa atate wache, ndipo kwa amai ache akadamuuza kuti kwao ndi ku Nyasaland. Miyambo iwiri, yonse yabwino pa malo ache, inamsiya pakati. Mudzi wache unali chipinda cha ku Joburg Lines chimene anabadwiramo.

Malamulo akulu a dziko a 2013 anakonza mbali ya cholakwachi, ponena kuti munthu wobadwira m'Zimbabwe, amene kholo lache linali la dziko lina la m'chigawo chino monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo analikukhala m'dzikomo pamene malamulowo anayamba, ali nzika mwa kubadwa. Chotsala ndi mapepala. Ofesi ifuna kalata ya kubadwa, ndipo kalata ya mwana ifuna ya kholo. Koma nkhalamba zambiri zimene zinatsika pa Ulere zinalibe china koma chitupa ndi buku la nchito, ndipo zina zinamwalira zisanalembetse ana ao. Chotero alipo adzukulu amene alephera kulemba mayeso a sukulu kapena kutenga pasipoti chifukwa cha pepala limene silinalembedwe agogo ao ali moyo. Inu a ku Mbare, a ku Mufakose ndi a m'mafamu, ngati m'sutukesi ya malemu muli chitupa chakale, buku la nchito, kalata ya ubatizo, kapena khadi la bungwe la maliro, musazitaye kapena kuyatsira moto. Ndi inu a ku Malawi ndi ku Zambia, ikakufikani kalata ya munthu wosamdziwa, wa dzina la mfunda wanu, wofunsa mudzi ndi mfumu ya agogo ache amene anapita ku Halale, pitani nayo kwa akulu a m'mudzi akadali moyo, ndipo muiyankhe.